Nsupa Yopanda M'mero

Zipani zitachuluka m'dziko muno, aliyense ku Phalombe anadzuka ndi geni. Amene dzulo ankagulitsa zitumbuwa pansi pa mtengo, lero anali ndi kagolosale kopaka laimu. Amene ankapempha fodya anayamba kuyenda ndi sikelo panjinga kukagula nandolo m'midzi. Koma ufuluwo unangodutsa pamsewu osapatukira kwa Sitima wa ku Nazombe. Iye anali akadali pa ntchito yake yakale, yokwera phiri la Michesi, kumanga nkhuni panjinga yopanda mabuleki, n'kuzikankha mpaka pamsika wa Chiringa. Nyumba imene anamanga kuchikamwini inali yaudzu, ndipo mvula ikagwa mkazi wake Zelifa ankayala mbale pansi ponse ngati akuzigulitsa.

Umphawi wokha sukanamudya mtima chotere. Chimene chinkamuwawa ndi Goodman, mnzake amene anavinidwa naye limodzi. Goodman tsopano anali ndi nyumba yamalata ndi galimoto ya matola, ndipo akamudutsa Sitima panjira ankaliza hutala, n'kumusiya akutsokomola fumbi.

Sitima analinso ndi mdani wina woposa umphawi, ndipo mdaniyo ankakhala m'botolo. Kachasu anamuyamba ali mnyamata. Kutchalitchi anamudula kangapo, iye n'kulapa misozi ili mbwembwembwe, kenako mwezi usanathe n'kupezekanso ali gone m'ngalande. Anthu anatopa naye, kupatula a Eneya, mkulu wa mpingo wowonda, wolankhula pang'onopang'ono, amene sankadziwa kutaya munthu.

Koma chaka chimenecho zinthu zinaoneka ngati zikuyenda. Kuyambira pa Pasaka mpaka nandolo atauma m'minda, Sitima sanalawe ngakhale dontho. Nkhondo yake inali ya tsiku ndi tsiku. Anasiya njira yodutsa kwa amayi otcheza kachasu, n'kumazungulira ya kudambo ngakhale inali yaitali. Kukhosi kukayamba kuyabwa ankatafuna nzimbe mpaka nsagwada kuwawa. Ndipo masana aliwonse mwana wake mmodzi yekhayo, Hilda, amene anayamba sukulu itangokhala yaulere, ankamudikira pamphambano.

"Ababa, tapumani ndimve," ankatero mwanayo ataimirira ndi zala.

Sitima ankawerama n'kumupumira kumaso.

"Nzimbe zokhazokha!" Hilda ankafuula, n'kuthamanga kukauza amayi ake.

Tsiku lina njinga inaduka tcheni pakati pa njira, nkhuni n'kumwazika. Goodman anaima, koma sanatsike.

"Achimwene, mudzafera pa nkhuni inu," anatero akuseka. "Mukuganiza kuti ife malatawa tinawapeza ndi Aleluya? Pitani mukawaone a Rozaria kuseri kwa phiriko. Kapena dikirani, mwina kumwamba akakupatsani tcheni chatsopano."

Mawuwo anamutsata Sitima mpaka kunyumba, anagona nawo, anadzuka nawo. Lachitatu lotsatira anatenga nkhwangwa ngati akupita kunkhuni, koma atafika m'munsi mwa Michesi anapatuka.

A Rozaria anawapeza dzuwa lili pamutu, atakhala pamphasa akusenda chinangwa cha makaka. Anali mayi wooneka bwino, wa duku loyera, wosasiyana ndi amayi a mvano.

"Mwachedwa, bambo a Hilda," anatero osakweza mutu.

Sitima anaima pomwepo. "Mukundidziwa, mayi?"

"Munthu wodutsa pano ndi nkhuni, miyendo ikupita uko maso akuyang'ana kuno, angabisike? Khalani. Mwatopa ndi umphawi, eti? Onse amatero. Funso langa ndi lakuti mwatopa mpaka pati."

"Mpaka pakhosi. Koma ndineneretu, za magazi a munthu ine ayi. Ndine wopemphera."

A Rozaria anaseka chapansipansi. "Ndani wanena za magazi? Pempherani ndithu, ine sindiletsa munthu tchalitchi. Ambiri obwera pano Lamulungu amakhala mabenchi akutsogolo."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsupa yaing'ono, yakuda ndi mafuta, yomangidwa mikanda yofiira m'khosi. Anaiika m'manja mwa Sitima. Inali yopepuka, koma yofunda.

"Iyi imakoka malonda. Chimene mudzagwire chidzabala. Koma ili ndi ludzu, ndipo ilibe m'mero. Idzamwera pa m'mero wanu."

"Imamwa chiyani?"

"Chimene munasiya pa Pasaka."



"Tsiku la msika lokha, kambale kamodzi," a Rozaria anapitiriza, mpeni ukuyendabe pa chinangwa. "Si chilango chimenecho kwa munthu ngati inu. Koma musadzaimane. Mukaimana sidzadandaula, sidzakulotetsani maloto. Idzangoyang'ana m'mero wina m'nyumba mwanu, wanthete. Ndipo pamenepo simwa mowa."

"Nanga ndikadzafuna kuisiya?"

"Moto. Mudzaiponye pamoto ipse, basi mwamasuka. Koma zonse zimene yabweretsa zidzapita ndi utsi womwewo, mudzabwerera kunjinga yanu. Mpaka lero sanabwere munthu kudzandiuza kuti watero."

"Ndikulipirani chiyani?"

"Ine? Palibe. Kolipira mudzakupeza nokha."

Apa munthu wanzeru akanaika nsupayo pansi n'kuliyatsa liwiro. Koma tinene zoona, mtima wa Sitima unakondwa, ndipo sunakondwere chuma chokha. Miyezi yonse ija ankalimbana ndi khosi lake popanda chonamizira. Tsopano anali nacho. Potsika phiri ankadziuza kuti sadzamwera kufuna, adzamwera banja. Anabwerera kudzera njira yaifupi, ya kwa amayi otcheza kachasu aja.

Masana amenewo Hilda anaimirira ndi zala pamphambano monga mwa masiku onse. Atamva fungo anangotsika pang'onopang'ono, n'kuyenda kumbuyo kwa bambo ake. Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso kukawadikira.

Chuma chinabwera ngati madzi osefukira. Sitima anagulitsa njinga n'kugula sikelo, ndipo alimi ankadutsa masikelo a anzake onse kudzakhuthula nandolo pa yake. Akagula lero, mawa mtengo unkakwera ku Limbe. Zaka ziwiri zisanathe anali ndi nyumba yamalata yoposa ya Goodman, golosale pa Chiringa, ndi lole yolembedwa kutsogolo kuti Mulungu Ndi Wabwino. Alamu ake amene kale ankamutcha mkamwini wopanda pake anayamba kumulonjera ndi manja awiri. Atapereka malata ofolera tchalitchi, mphuno za anthu ambiri zinaleka kumva fungo la mowa. Za a Eneya zokha ndi zimene zinakana kutsekeka.

Koma nsupa ija ludzu lake linkakula. Kambale ka tsiku la msika kanasanduka botolo. Tsiku la msika linasanduka tsiku lililonse. Kenako zinafika poti Sitima akadzuka, asanasukusule n'komwe, ankamva nsupayo ikutentha m'thumba la jekete, ndipo manja ankanjenjemera mpaka atamwa. Sankadziwanso ngati ludzulo linali la nsupa kapena lake.

Kamodzi anayesa kusiya. Anali atamumenya Zelifa pamaso pa mwana, ndipo m'mawa mwake manyazi anamugwira. Anakhala tsiku lonse osamwa. Tsiku lachiwiri Hilda anabwera kusukulu milomo itang'ambika, akupempha madzi. Anamwa chikho, anamwa china, anamaliza mtsuko, koma lilime linali louma gwa, maso akulowa m'kati. Sitima anathamangira kunkhokwe kumene ankabisa botolo n'kulipendeketsa lonse. Dzuwa lisanalowe mwanayo anali panja akusewera phada ndi anzake. Zelifa anathokoza Mulungu. Sitima anakhala kuseri kwa nkhokwe akulira, chifukwa anadziwa kuti a Rozaria sananame.

Zaka zinapita. Chaka chimene Hilda ankakonzekera mayeso a Sitandade 8, maso a Sitima anasanduka achikasu, mimba inatupa, ndipo tsiku lina pagolosale anasanza magazi. Dokotala sanamubisire. "Bambo, chiwindi chanu chatsala pang'ono kutha. Mukapitiriza kumwa, mvula ya chaka chino simuiona."

Anatuluka m'chipatala akusinkhasinkha. Akamwa afa iye, ndipo akafa nsupa idzasowa pomwera n'kutembenukira kwa mwana. Akasiya afa Hilda. Anauza dalaivala kuti amusiye kwa a Eneya, ndipo kumeneko, atakhala pakhonde, anaulula zonse osasiyako.

A Eneya anamvetsera mpaka kumapeto. "Ndiye kuti khomo lilipo," anatero potsiriza. "Mwini wakeyo anakuuzani yekha. Loweruka kuli chitsitsimutso, anthu adzatentha zithumwa zawo. Mubwere nayo."

"Nanga lole? Nanga golosale?"

"Zipite."

"Abambo, simukudziwa kuseka kwa anthu inu. Ndibwererenso kunkhuni, Goodman azindithira fumbi?"

"Fumbi limachoka ndi madzi, Sitima. Nkhuni ku Michesi sizinathe, ndipo njinga yanga ndidzakubwerekani. Koma tchimo silisiyidwa theka. Mukalisiyira kamuzu, lidzaphuka."

Sitima anavomera ndi mtima wonse. Anavomera Lolemba, anavomera Lachiwiri. Lachitatu anaima m'golosale akuyang'ana mashelefu odzaza shuga ndi sopo, ndipo kamawu kanayamba kumunong'oneza. Bwanji mapemphero a anthu onse aja atangofewetsa ludzu la nsupa, koma chuma n'kutsala? Bwanji atamangonyambita pang'ono mobisa, kadontho kokwanira kuteteza Hilda koma kosakwanira kumupha iye? Lachinayi anagula nsupa ina pamsika, anaidetsa ndi mafuta ndi mwaye, n'kuimanga mikanda yofiira. Anadziuza kuti sanaganizebe chochita, akungokonzekera.

Loweruka masana bwalo la tchalitchi linadzaza. Pakati panali moto, ndipo anthu ankabwera mmodzimmodzi kuponyamo nyanga, mphinjiri ndi timabotolo ta mankhwala. Mlaliki ataitana otsala, a Eneya anayang'ana Sitima. Iye anaimirira. Khamu lonse linati zii, chifukwa aliyense ankanong'ona kalekale za chuma chake.

Anayenda atavala jekete, nsupa yeniyeni m'thumba lamanja, yabodza m'thumba lamanzere. Dzanja lamanja linalowa m'thumba n'kuigwira, ndipo inali yofunda ngati kamwanapiye. Anaona Hilda ataima m'kwaya, wamtali tsopano, atasiya kuimba, maso ali pa iye. Anaitulutsa mpaka pakamwa pa thumba. Pomwepo maso ake anapita kutsidya kwa moto, kumene lole yake inaima pansi pa mtengo wa mango, ana atayizungulira akusisita matayala. Dzanja lamanja linabwerera m'thumba. Lamanzere ndi limene linaponya.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Zelifa anagwada m'fumbi akulira ndi chimwemwe. Hilda anachoka m'kwaya n'kudzamukumbatira, chinthu chimene sanachite kwa zaka. "Ababa, mwabwerera," anatero. Sitima anamva nsupa ikutentha pakati pa iye ndi mwanayo.

Chimene sanachiganizire ndi chikondi cha mpingo. Anamuperekeza kunyumba ndi nyimbo. Zelifa, amene ankadziwa pobisira ponse ngakhale sankanena, anatsogolera amayi kunkhokwe, kudenga, kuseri kwa bafa, ndipo mabotolo onse anakhuthulidwa pansi. Alongo ake a Zelifa anayenda khomo ndi khomo kwa onse otcheza kachasu. "Wogulitsa dontho kwa alamu athu adzaonana nafe," anachenjeza. A Eneya nawo anakonza zoti amuna a mumpingo azikhala naye mosinthana, monga amachitira ndi munthu wongotuluka kumene m'mowa, kuti mayesero akafika asamupeze yekha. Akapita kugolosale anali nawo. Akapita kuchimbudzi ankamudikira panja akuimba kanyimbo. Kunali kotentha kwambiri mwezi umenewo, koma jekete sankavula.

Lamulungu linadutsa. Lolemba m'mawa Hilda atavala yunifolomu anakhala pansi pakhomo. "Amayi, madzi," anatero.

Anamunyamula pa lole kupita kuchipatala. Anamuika diripi, botolo linatha, anaikanso lina. Anayeza malungo, sanapeze. Anayeza shuga, sanapeze. Anamwino ankangoyang'anana, chifukwa madzi ankalowa m'thupi koma mwanayo ankauma akuona.

Sitima anali pakhonde la wodi, a Eneya ali pambali pake. Chapafupi panali khitchini ya odikirira odwala, mmene amayi ankaphika, moto uli lawilawi pamafuwa.

"Ndikamugulire nthochi," anatero Sitima akuimirira.

"Tipite limodzi."

Anakhalanso pansi. M'wodi munkamveka mawu a Hilda, ofooka, akupempha madzi.

"Abambo, ndichitireni chisoni. Kambale kamodzi kokha. Lero lokha."

"Amenewa ndi mayesero, mwana wanga. Satana akukuopsezani ndi chinthu chimene chinapsa kale. Limbani, tipemphere." A Eneya anatseka maso, koma asanayambe anawatsegulanso. Anamuyang'ana Sitima, anayang'ana jekete lija, n'kufunsa motsitsa mawu. "Sitima, ndiyang'aneni. Imene inapsa Loweruka ija inali yeniyeni?"

Sitima anayang'ana moto wa m'khitchini. Unali pafupi, poti munthu akhoza kuponya ali chikhalire. Anaganiza za nthungululu zija, za Zelifa atagwada m'fumbi, za mpingo wonse ukumva kuti ananamiza Mulungu pamaso pawo. Anaganiza za mashelefu.

"Inali yeniyeni," anatero.

"Ngati mukundibisira, ino ndiyo nthawi. Palibe amene akumenyeni. Taonani moto uwo."

"Ndati inali yeniyeni!"

Pomwepo Zelifa anasuzumira pakhomo, nkhope itasintha. "Bambo a Hilda, bwerani, akukuitanani. Sakutha kumeza."

Sitima anadzuka, koma sanalowe m'wodi. Anakankha a Eneya, nkhalambayo n'kugwera pa benchi, ndipo anathamanga. Anadutsa pakhomo penipeni pa khitchini, kutentha kwa moto kunamuwomba kumaso, dzanja lili m'thumba litagwira nsupa. Sanaime. Anatuluka pageti, anadumpha ngalande, anafika kuseri kwa mashopu kumene sankamudziwa, n'kutsomphola botolo m'manja mwa munthu amene ankamwa. Ankadziuza kuti apulumutsa zonse, mwana ndi chuma chomwe.

Botolo lisanafike pamlomo anamva jekete likukokera pansi mbali yamanja. Nsupa ija, imene zaka zonsezi inali yopepuka, inali italemera. Inali itazizira. Atasuntha mwendo anamva m'kati mwa nsupayo mukukhuvuka ngati chikho chodzaza. Kenako kuchokera kuchipatala kunamveka kulira kwa mayi, ndipo mawuwo anawadziwa.

Anabwerera akuthamanga, akukuwa ngati nyama. Analowa m'khitchini, anagubuduza miphika ya anthu, n'kuponya nsupayo pamoto. "Iyi ndiyo yeniyeni! Abambo Eneya, onani, iyi ndiyo yeniyeni! Ndatentha! Muuzeni adzuke!"

Nsupayo inaphulika, motowo n'kuzima ngati wathiridwa madzi. Zelifa anali ataima pakhomo la wodi atagwiriridwa ndi amayi awiri, ndipo anamva mawu onse. Analeka kulira. Anangomuyang'ana mwamuna wakeyo.

"Munali nayo m'thumba," anatero. "Pamene ankakukumbatirani paja, munali nayo m'thumba."

Zotsalazo zinapita monga ananenera a Rozaria. Lole inagwera mumtsinje pochokera kumaliro a Hilda. Nandolo amene anadzaza m'nyumba yosungira anafumbwa sabata imodzi, golosale inapsa, ndipo alamu ake anamutulutsira zovala zake pamsewu. Koma Sitima sanadandaule chilichonse mwa zimenezi, chifukwa mutu wake unali utapita kale.

Amene ankagula pamsika wa Chiringa zaka zotsatira amamukumbukira. Ankayenda wopanda nsapato akutola zitini, mbewu za mango, zigoba za chilichonse. Akaona moto wa owotcha chimanga kapena okazinga tchipisi ankathamangira, n'kuponyamo chimene watola, kenako n'kutembenukira aliyense amene ali pafupi. "Ndatentha yeniyeni. Wadzuka?" Anyamata ena opanda chisoni ankamupatsa kachasu kuti aseke, koma iye ankathawa akutseka pakamwa. Mowa anausiya ndithu, mpaka tsiku limene anamupeza atauma pansi pa benchi ya ogulitsa tomato.

Abale anga, dyera ndi loipa, ndipo chuma cha mankhwala chimadya mwini wake pamodzi ndi ana ake. Woyesa munthu sabwera ndi tchimo lachilendo. Amayang'ana limene ukulimbana nalo kale, n'kukupatsa chifukwa chabwino cholibwererera. Sitima anali wosauka koma akupambana pamene ankazungulira njira ya kudambo. Ngakhale atagwa, khomo lotulukira linali lotsegula mpaka mphindi yomaliza, ndipo anthu omugwira dzanja analipo. Chinamupha ndi kufuna kulapa ndi dzanja limodzi, lina litagwira chuma m'thumba. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ngati pali chimene ukudziwa kuti n'chofunika kutentha, tentha chenichenicho, ndipo utenthe lero, amene umawakonda akadali ndi moyo.